Tsiku Limene Mpira Unapeza Voti Imodzi

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA CHIPINDA CHOPUMULIRAMO, FAKITALE YA MIPANDO

Tsiku: Lachitatu, pa 12 Febuluwale
Malo: Chipinda chopumuliramo, patebulo la pansi pa kanema
Nthawi yoyambira: 12:35 masana

OMWE ANALIPO
A Foromani, Wapampando
A Chitsulo, owotcherera miyendo ya mipando, Wachiwiri kwa Wapampando
A Dalaivala, membala
Achemwali a ku Vanishi, membala
A ku Sitolo, Mlembi

OPEPESA
A Macheka, apita kukachotsetsa dzino

OSAPEPESA
A Magetsi, monga mwa nthawi zonse

ANALIPONSO
Mayi a Tiyi, amene si membala ndipo anangobwera kudzathira tiyi. Chiyambire komitiyi sanalembedwepo m'buku lino. Lero Mlembi wawalemba chifukwa zimene tinagamula zinali zowalanda chinthu chimene palibe mmodzi wa ife ankadziwa kuti amachikonda.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano atavala jezi yawo yofiira ija pamwamba pa ovololo. Anati msonkhanowu sutenga mphindi khumi, chifukwa nkhani yaikulu ndi yodziwikiratu ngakhale kwa mwana. Anauza Mayi a Tiyi kuti asavutike n'kutereka ketulo yachiwiri. Mlembi akufuna zidziwike kuti ketulo inaterekedwa katatu.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga zolembedwa za msonkhano wa mwezi watha. A Dalaivala anapempha kuti zivomerezedwe Mlembi asanamalize n'komwe tsamba loyamba, ndipo Achemwali a ku Vanishi anagwirizana nazo. Zinavomerezedwa.

3. CHIYAMBI CHA VOTI

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti ofesi yoona za ogwira ntchito inalamula kuti anthu onse 26 a pafakitale afunsidwe mwachinsinsi masewera amene amakonda kuonera pa kanema Loweruka masana tikaweruka. Anati kufunsa zoterezi n'kuwononga mapepala chabe, popeza kwa zaka zisanu ndi zinayi chipinda chino chimadzaza ndi anthu oonera mpira wa miyendo, ndipo phokoso lathu limamveka mpaka kugeti.

Anakumbutsanso za Gawo 7 la malamulo a komiti, limene iwo eni analemba mwezi watha ndi dzanja lawo. Gawoli likuti masewera amene apambane pa voti ndi okhawo amene azionetsedwa Loweruka kwa zaka zitatu, ndipo palibe kudandaula kapena kuvotanso. Anati analilemba pofuna kutseka pakamwa a Magetsi, amene chaka chatha anayerekeza kupempha nkhonya kawiri konse. A Chitsulo anaomba m'manja mwamphamvu.

4. ZOTSATIRA ZA VOTI

Mlembi anatsegula pamaso pa onse bokosi la misomali limene munaponyedwa mavoti, ndipo anawerenga pepala limodzilimodzi mokweza. Zinatuluka motere:

Kuvina pa madzi oundana, 8
Gofu, 6
Nkhonya, 4
Kusambira, 3
Mpikisano wa njinga, 2
Tenisi, 2
Mpira wa miyendo, 1

A Dalaivala, amene anali atakweza kapu, anaiwala kuti ikupita kukamwa. Wapampando analamula kuti mavoti awerengedwenso. Anawerengedwanso kawiri, ndipo palibe chinasintha. A Dalaivala anakutumula bokosilo, analiyang'ana m'kati, kenako anagwada n'kusuzumira pansi pa tebulo. Anapezako supuni imene inasowa mwezi wa Novembala.

Achemwali a ku Vanishi anafunsa ngati mwina ofesi yatisinthanitsira mapepala ndi a kampani ina. Mlembi anayankha kuti bokosilo lakhala lokhomedwa m'sitolo sabata yonse, ndipo kiyi amagona m'thumba mwake.

Wapampando anafunsa ndi mawu osasa kuti kuvina pa madzi oundana ndiye chiyani. Mlembi anawakumbutsa kuti chaka chatha tchanelo cha mpira chinafa kwa Maloweruka atatu, ndipo kanema ankangoonetsa anthu awiriawiri ovala zonyezimira akutsetsereka n'kumanyamulana m'mwamba. Anawakumbutsanso kuti tonse tinkang'ung'udza kuti ndi masewera a anthu osowa chochita, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ananyamuka kupita kwawo.

5. NKHANI YA MWINI VOTI YA MPIRA

Maso onse anapita kwa Wapampando, ndipo aliyense anagwidwa chisoni. A Chitsulo anaimirira, anavula chipewa, n'kunena kuti akupepesa m'malo mwa fakitale yonse chifukwa chowasiya Wapampando okhaokha. Anaulula kuti iwo ndi mmodzi wa anthu asanu ndi atatu aja. Mlembi walemba mawu awo monga anatulukira: "Akulu, ine sabata yonse ndimakhala m'chigoba chowotcherera, moto kumaso, phokoso kukhutu. Anthu aja akayamba kutsetsereka, kanyimbo kakulira chapansipansi, mtima wanga umakhala m'malo. Tsiku lija ndinati utsi wandilowa m'maso, kunalibe utsi. Ndinkalira."

A Dalaivala anagwira pakamwa. Anati a Chitsulo ndi amene anathyola benchi chaka chija timu ya ofiira inachinyidwa pa penate. A Chitsulo anayankha kuti anaona onse akwiya, ndipo ankaopa kuoneka ngati mlendo.

A Dalaivala nawo anaulula kuti anavotera kusambira, chifukwa ndi masewera okhawo amene mulibe msewu. Achemwali a ku Vanishi anati iwo anavotera nkhonya, ndipo pepala lakelo akanalilemba kawiri kukanakhala kololedwa. Atafunsidwa chifukwa, anati wina aliyense akamenyedwa amaona nkhope ya alamu awo, ndipo sakufuna mafunso ena. Mlembi atapanikizidwa anavomera kuti ali kumodzi ndi a Chitsulo. Mlembi anachita manyazi, koma walemba.

Achemwali anapempha kuti komiti iwathokoze Wapampando mwapadera chifukwa choima okha pa chimene amachikonda. Onse anaomba m'manja. Wapampando sanadzutse mutu. Thukuta linali kamukamu, ndipo anapempha madzi. Atamwa anati asalembedwe zimene anene, koma Mlembi anawakumbutsa kuti iwo omwe ndi amene anamuletsa kudumpha mawu a Wapampando.

Wapampando anati voti ya mpirayo si yawo. Iwo anavotera gofu.

A Chitsulo anakhala pansi osayang'ana pamene pali mpando, ndipo anatsala pang'ono kugwa chagada. A Dalaivala anati, "Inu? Inu amene munandithamangitsa m'chipinda chino chifukwa ndinatsokomola pa nthawi ya kona?" Wapampando anati ndi iwo omwewo.

Wapampando anafotokoza kuti pamene kanemayu ankabwera, iwo anali atangokwezedwa kumene kukhala foromani, ndipo anthu a m'shedi yopangira mipando ankawayang'ana ndi diso lofiira. Loweruka loyamba kanema atayatsidwa, munapezeka mpira. Iwo anakuwa kamodzi kuti aoneke ngati mnzawo wa anthu. Anthu aja anakuwa nawo, ndipo iwo anaganiza kuti apeza pokomera anyamata. A Chitsulo anati iwo anakuwa tsikulo chifukwa bwana watsopano anali atakuwa. A Dalaivala anati iwo anakuwa chifukwa a Chitsulo ndi munthu wa manja olemera.

Wapampando anawonjezera kuti nkhaniyi inafika mpaka kunyumba. Akazi awo ndi amene anagula jezi yofiira ija, ndipo ana awo chaka chilichonse amawabweretsera chipewa cha timu yomweyo, moti zipewazo zakwana zisanu ndi chimodzi. Anati gofu amaikonda chifukwa kuli udzu wometedwa bwino, anthu amalankhula monong'ona, ndipo palibe amene amathamangira mnzake kudzamuuza kuti guluu watha.

Achemwali a ku Vanishi anati ndiye kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi amuna ndi akazi a ndevu ndi imvi zawo akhala akutaya Loweruka lawo lonse, aliyense poopa kukhumudwitsa mnzake amene naye sakufuna. Anapempha kuti mawu akuti "zamanyazi" alembedwe. Alembedwa.

A Dalaivala anafunsa kuti nanga voti imodziyo ndi ya ndani. Anaganiziridwa a Macheka, koma Mlembi anati a Macheka amagona chigawo chachiwiri chilichonse. Anaganiziridwa alonda a pageti. Pamenepo Mayi a Tiyi, amene ankathira madzi otentha m'fulasiki, anati osatembenuka n'komwe, "Musavutike, bambo. Ndi yanga."

6. MAWU A MAYI A TIYI

Wapampando anafunsa Mlembi ngati mayiwa anavota nawo. Mlembi anayankha kuti ofesi inati anthu 26, ndipo popanda mayiwa tilipo 25.

A Dalaivala anaseka, n'kufunsa mayiwo ngati akudziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati. Mayiwo anaika fulasiki pansi. Anati ofiira amene a Dalaivala amati ndi timu yawo akhala akuchinyidwa kuyambira Novembala chifukwa wotchinga kumbuyo wa kumanzere amathamangira kutsogolo n'kuiwala kubwerera, ndipo goloboyi wawo amaopa kutuluka pa kona. Anatchula zigoli za masewera asanu apitawa, ndi mphindi zake. Anati penate imene a Chitsulo anathyolera benchi inali yoona, woyimbira sanalakwitse. A Dalaivala anasiya kuseka.

Achemwali a ku Vanishi anafunsa kuti mayiwo amaonera kuti, popeza sanawaonepo atakhala m'chipindamo. Mayiwo anati amaonera pakazenera koperekera tiyi, ataimirira kusinki. Achemwali anapita kukaima pamalopo, ndipo anabwerako atatong'ola maso. Anauza komiti kuti ukaima pamenepo chipilala chapakati chimatchinga theka la kanema, moti umangoona golo ya kumanzere yokha.

Mayiwo anavomera kuti ndi momwemo. Anati, "Ya kumanja sindinaionepo. Mwayi wake amasinthana mbali akapumula, ndiye timu iliyonse ndimaionako ikamabwera kwanga kuno. Mpira ukapita kuseri kwa chipilala ndimadikira phokoso lanu. Koma inu phokoso lanu n'losadalirika. Tsiku lina munavina mphindi zitatu chigoli chitakanidwa. Tsiku lina munakumbatirana munthu atadzichinya yekha."

Mlembi akuvomereza kuti tsiku lachiwirilo anakumbatira a Macheka.

Wapampando anafunsa chifukwa chimene mayiwo sanalowe n'kukhala pansi. Mayiwo anafunsa kuti akanakhala pati. Apa Mlembi ayenera kufotokoza za mwambo wathu wa pafakitale, kuti a ku ofesi amve. Aliyense wogwira ntchito m'shedi akakwanitsa chaka amadzipangira mpando wake ndi zidutswa za matabwa, amaotcha dzina lake kumsana kwake, n'kuuika m'chipinda chino. Pampando wa mwini sipakhala munthu wina, ngakhale mwiniyo atagonekedwa m'chipatala. M'chipindamu muli mipando 25. Mayi a Tiyi sagwira ntchito m'shedi, choncho palibe anawapatsa matabwa, ndipo palibe anaganizapo. Fakitale ino imatulutsa mipando mazana awiri pa sabata.

A Chitsulo anati iwo ankaganiza kuti mayiwo amakhala kukhitchini Loweruka chifukwa ndi ntchito yawo. Mayiwo anayankha kuti Loweruka iwo amaweruka 12 koloko, onse asanaweruke. Anati kunyumba kwawo kulibe kanema, ndipo anaona kuti munthu wogwira ketulo safunsidwa chimene akufuna pakhomo. Anati ali mtsikana ankagwira pagolo alongo awo akamasewera, mpaka atakula n'kuuzidwa kuti zimenezo zakwana.

Mlembi anawerengera m'mutu makapu amene iye yekha wamwa Loweruka kwa zaka zonsezi, nthawi zina n'kumadandaula kuti tiyi wazizira, ndipo zinamuwawa kwambiri.

Achemwali anafunsa mayiwo kuti apuma liti pa ntchito. Mayiwo anati kumapeto kwa Meyi, sabata yomwe ligi ikutha. Achemwali anauza komiti kuti ngati Gawo 7 ligwira ntchito, ndiye kuti mayiwa achoka pafakitale pano asanaonepo bwalo lathunthu ngakhale kamodzi.

7. ZOYENERA KUCHITA

A Chitsulo anapempha kuti Gawo 7 lifufutidwe. Mlembi anawerenga ndime yomaliza ya gawolo, imene ikuti silingafufutidwe zaka zitatu zisanathe. Wapampando anagwira mutu ndi manja awiri, n'kunena kuti analilemba bwino kwambiri gawo limeneli.

A Dalaivala anapempha kuti tiuze ofesi kuti mpira wapambana ndi mavoti 26, mapepalawo awotchedwe ndi moto wa a Chitsulo. Mlembi anakana, ndipo anati buku lino lili ndi zolakwika zambiri koma mulibe bodza lochita kukonza.

Mayi a Tiyi anapempha kulankhulanso, ndipo analoledwa. Anati, "Chonde musandimvere chisoni n'kuyambanso kunamizana. Zaka zisanu ndi zinayi mwakhala mukuonera mpira chifukwa cha anzanu, taonani pamene zakufikitsani. Tsopano mukufuna muziuonera chifukwa cha ine? Ayi. A Chitsulo apatseni ovina awo, avutika mokwanira. Ine ndaluza, ndipo kuluza ndimakudziwa, ndimasapota ofiira."

Atatero anatenga thireyi n'kuyamba kutolera makapu. A Chitsulo anatulutsa mpango, ndipo ulendo uno sananamizire utsi.

CHIGAMULO: Komiti yalandira zotsatira za voti monga zilili. Kuvina pa madzi oundana kwapambana.

8. ZINA NDI ZINA

Achemwali a ku Vanishi anafunsa Mlembi kuti chigamulo cha komiti chimayamba liti kugwira ntchito. Mlembi anatsegula malamulo, ndipo anapeza pa Gawo 3 kuti chimayamba zolembedwa zake zikawerengedwa ndi kuvomerezedwa pa msonkhano wotsatira. Achemwali anati angofunsa chabe.

Anapemphanso kuti zilembedwe kuti kuyambira lero kubwera Loweruka si lamulo, ndipo wosafuna mpira azipita kwawo popanda kunyozedwa Lolemba. Onse anavomera mofulumira kwambiri. Anawonjezera kuti mpando wa munthu amene sanabwere uzikhalidwa. A Dalaivala anati zimenezi sizinachitikepo chiyambire. Achemwali anawayang'ana, ndipo a Dalaivala anati alibe mawu ena.

9. TSIKU LA MSONKHANO WOTSATIRA

Mlembi anatchula Lachitatu lachiwiri la Malichi, monga mwa chizolowezi. A Chitsulo anati tsiku limenelo akukayezetsa maso. Mlembi anatchula Epulo. A Dalaivala anati mwezi wonsewo akhala pamsewu, ngakhale Mlembi, amene amalemba maulendo a lole, sakudziwapo kanthu. Mlembi anatchula Meyi. Achemwali anati m'Meyi vanishi amachedwa kuuma. Wapampando anafunsa kuti malamulo amati tizikumana kangati, ndipo Mlembi anayankha kuti kosachepera katatu pa chaka. Wapampando anagamula kuti msonkhano wotsatira udzakhale Lachitatu loyamba la Juni.

Mayi a Tiyi, ali pakazenera kawo, anati, "Mwayambanso, eti?"

Wapampando anaimirira. Anati iwo Loweruka likubwerali abwera, koma osati chifukwa cha chisoni. Anati, "Mayi, ine zaka zonsezi ndakhala ndikukuwa kuti ofusaidi, ofusaidi, koma sindidziwa kuti ofusaidi ndi chiyani. Ndinkangodikira a Chitsulo atsegule pakamwa. Ndisanavule jeziyi ndikufuna munthu wodziwa andiuze chimene ndinkakuwira." A Chitsulo anati iwo ankadikira Wapampando.

Mayiwo anati aganizira, koma amene akufuna tiyi Loweruka akadziterekere yekha.

10. KUTSEKA

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 1:50 masana, belu lobwerera ku ntchito litalira kale kawiri. Anatuluka atapinda jezi m'khwapa.

ZOWONJEZERA ZA MLEMBI, ZOLEMBEDWA LOLEMBA PA 17 FEBULUWALE

Wapampando alola kuti izi zilowe m'buku tisanasaine.

Loweruka m'chipindamo munabwera anthu anayi okha: Wapampando, a Chitsulo, Mlembi ndi Mayi a Tiyi. Mayiwo anafika atavala diresi la maluwa, opanda epuloni, ndipo Mlembi anatsala pang'ono kuwafunsa kuti akufuna ndani. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana mipando yopanda anthu. Wapampando anakoka wawo n'kuuika pakati penipeni. Mayiwo anaupukuta kaye ndi dzanja, mwa chizolowezi, kenako anakhala m'mphepete mwake chikwama chili pamiyendo.

Tiyi anaphika a Chitsulo. Sanamwedwe.

Ofiira anasewera ndi obiriwira. Mayiwo sanakuwe ngakhale kamodzi. Mpira ukamapita kumanja ankapendeketsa khosi ngati pali chowatchinga, kenako n'kukumbuka, n'kuliwongola. Wapampando anafunsa za ofusaidi katatu, ndipo kachitatuko anauzidwa kuti adikire nthawi yopumula.

Masewerawo anatha popanda chigoli mbali zonse. Mlembi zinamupweteka mumtima, ndipo anawapepesa mayiwo kuti tsiku lawo loyamba kuona magolo onse awiri palibe ndi imodzi yomwe imene yagwedezeka. Mayiwo sanamve. Anali akuyang'anabe kanema, osewera akutuluka, misozi ikutsika osaipukuta.

Kenako anati, "Kani bwaloli ndi lalikulu chonchi?"

Wasaina: A Foromani, Wapampando

Wasaina: A ku Sitolo, Mlembi